Opaleshoni ya Chigaza Cholumikizana Msanga mwa Ana: Mmene Zotsatira Zake Zimaunikidwira

Ngati mwana wanu wachitidwa opaleshoni yokonza chigaza, kapena madokotala akuuzani kuti adzafunika kuchitidwa, mudzafuna kudziwa ngati opaleshoniyo yathandizadi. Yankho lake silipezeka pa tsiku lotuluka m'chipatala. Zina zimadziwika m'masiku oyambirira, zina pakatha chaka, ndipo zina zimaonekera mwana akayamba sukulu. Tsamba lino likufotokoza zomwe madokotala amayang'ana, nthawi yomwe amaziyang'ana, ndiponso gawo lomwe inu muli nalo monga kholo kapena womusamalira mwanayo.

Kodi vutoli ndi lotani?

Chigaza cha khanda si fupa limodzi. Ndi mafupa angapo osalala omwe amakumana m'mizere yofewa yotchedwa misoko. Pamene misoko ingapo yakumana pamakhala malo ofewa, ndipo aakulu mwa malowa ndi liwombo. Misoko imalola mutu kupanikizika pang'ono pobadwa, kenako imapereka mpata woti chigaza chizikula limodzi ndi ubongo. Mwana wobadwa pa nthawi yake amakhala ndi mutu wa masentimita pafupifupi 35 mukauyeza mozungulira, ndipo akamakwanitsa chaka umafika pafupifupi masentimita 46. Liwombo nthawi zambiri limatsekeka pakati pa miyezi 12 ndi 18, koma misoko yambiri imakhalabe yosalumikizana mpaka munthu atakula.

Mwa mwana mmodzi pa ana 2,000 mpaka 2,500 obadwa, msoko umodzi kapena ingapo imasanduka fupa nthawi yake isanakwane, kawirikawiri mwana akadali m'mimba. Madokotala amalitcha vutoli craniosynostosis. M'chaka cha 1851, katswiri wa ku Germany, Rudolf Virchow, anafotokoza zomwe zimachitika: chigaza chimalephera kukula modutsa msoko wotsekekawo, choncho ubongo umakankhira mbali zomwe zikadali zotseguka. Ichi ndi chifukwa chake maonekedwe a mutu amasonyeza msoko womwe watsekeka.

- Msoko wa pakati pa mutu, wochokera pa liwombo kupita kunkhongo, ukatsekeka mutu umakhala wautali ndi wopyapyala ngati bwato. Mtundu uwu ndi wofala kuposa yonse, pafupifupi theka la ana odwala vutoli, ndipo umagwira anyamata kwambiri.
- Msoko wa pakati pa chipumi ukatsekeka msanga chipumi chimasongoka ndipo maso amaoneka oyandikana. Dziwani kuti msoko uwu wokha umatsekeka mwachibadwa pakati pa miyezi 3 ndi 9, choncho kamzere kotukuka pachipumi cha mwana wa mutu wabwinobwino si matenda.
- Msoko wochokera pa liwombo kutsikira kukhutu ukatsekeka mbali imodzi, chipumi chimaphwanthalala mbali imeneyo ndipo diso limaoneka lokwera. Ukatsekeka mbali zonse ziwiri mutu umakhala waufupi, wotambalala ndi wamtali.
- Msoko wa kunkhongo sutsekeka msanga kawirikawiri.

Ana ambiri amakhala ndi msoko umodzi wotsekeka popanda vuto lina m'thupi. Ena ochepa vutoli limabwera limodzi ndi zina za chibadwa, monga matenda a Apert, Crouzon, Pfeiffer, Muenke ndi Saethre-Chotzen, omwe angakhudze nkhope, maso, makutu, kapumidwe ndi zala. Vutoli silibwera chifukwa cha ufiti, tsoka, kapena kulakwa kwa mayi pobereka, ndipo kusisita mutu kapena kupaka mankhwala pa liwombo sikungatsegule msoko womwe wasanduka fupa.

Si mutu uliwonse wopendekeka womwe uli ndi vutoli. Khanda logonera mbali imodzi nthawi zonse likhoza kuphwanthalala kunkhongo misoko ili yotseguka, ndipo ilo silifuna opaleshoni. Mutu wokula kwambiri chifukwa cha madzi a mu ubongo, ndiponso mutu waung'ono chifukwa chakuti ubongo sukukula, ndi mavuto ena okhala ndi chithandizo chawochawo. Dokotala amasiyanitsa izi pogwira mutu, kuuyeza, ndipo ngati kuli kofunika amajambula ndi makina.

Zolinga za opaleshoni

Kuti tinene kuti opaleshoni yayenda bwino, tiyenera kudziwa chomwe inkafuna kukwaniritsa. Zolinga zake ndi ziwiri: kupatsa ubongo malo okwanira kuti usapanikizike, ndi kukonza maonekedwe a mutu ndi nkhope. Mwa ana a misoko yambiri yotsekeka pamakhalanso cholinga choteteza maso ndi kuthandiza kupuma.

Imodzi mwa maopaleshoni oyambirira a mtunduwu inachitidwa ku Paris mu 1890 ndi Odilon Lannelongue, yemwe ankachotsa kachidutswa ka fupa pachigaza. M'zaka za m'ma 1960, Paul Tessier wa ku France anasonyeza kuti mafupa a chigaza ndi nkhope angathe kudulidwa ndi kusunthidwa bwinobwino. Masiku ano njira zikuluzikulu ndi izi:

- Opaleshoni yotsegula mutu. Dokotala amang'amba khungu kuchokera kukhutu lina kufika kukhutu lina mokhotakhota kuti tsitsi lidzabise chipsera, amachotsa mafupa, kuwaumba, ndi kuwabwezeretsa. Imachitika kawirikawiri mwana ali ndi miyezi 6 mpaka 12, ngakhale kuti imatheka mwa ana okulirapo. Mwana amakhala m'chipatala masiku angapo ndipo nthawi zambiri amathiridwa magazi.
- Opaleshoni ya mabala ang'onoang'ono. David Jimenez ndi Constance Barone a ku United States anaifotokoza mu 1998. Dokotala amachotsa msoko wotsekekawo mothandizidwa ndi kakamera. Imayenerera makanda osapitirira miyezi 6, makamaka a miyezi 2 mpaka 4, ndipo magazi satayika kwambiri. Pambuyo pake mwana amavala chisoti choumba mutu pafupifupi maola 23 pa tsiku kwa miyezi yambiri.
- Opaleshoni ya tizitsulo tokankha mafupa. Tizitsulo timaikidwa kuti tifutukule chigaza pang'onopang'ono, ndipo timachotsedwa pa opaleshoni yachiwiri yaifupi pakapita miyezi ingapo.

Njira iliyonse ili ndi ubwino ndi zovuta zake. Yoyenera mwana wanu imadalira msinkhu wake, msoko womwe watsekeka, luso ndi zipangizo za chipatala, ndiponso kutalika kwa ulendo wanu. Mwachitsanzo, chisoti chimafunika kuchikonza pafupipafupi pamene mutu ukukula, choncho banja lomwe silingathe kubwerera kuchipatala milungu ingapo iliyonse silingapindule mokwanira ndi njirayi.

Muyeso woyamba: masiku oyambirira

Choyamba chomwe chipatala chimawerengera ndi chitetezo cha mwana pa opaleshoni ndi m'masiku 30 otsatira. Zomwe zimalembedwa ndi kuchuluka kwa magazi omwe anatayika, ngati mwana anathiridwa magazi, masiku omwe anakhala m'chipinda cha odwala mwakayakaya, ngati bala linagwidwa ndi tizilombo, ngati madzi a mu ubongo anatuluka pabala, ndiponso ngati mwana anabwereranso kuchipatala mosayembekezereka.

Kutaya magazi ndiko chiopsezo chachikulu. Khanda lili ndi magazi pafupifupi mamililita 80 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, ndiye kuti mwana wa makilogalamu 8 ali ndi magazi ongopitirira pang'ono theka la lita. Magazi odzadza kapu imodzi ya tiyi ndi ambiri kwa mwana wotere. N'chifukwa chake opaleshoni siyamba magazi oyenerera mwanayo asanakonzedwe, ndipo zipatala zambiri zimapereka mankhwala a tranexamic acid ochepetsa kutaya magazi. Kumadera athu, komwe malungo ndi kuchepa kwa magazi zimavutitsa ana ambiri, n'kofunika kuti mwana ayezedwe magazi ndi kulandira chithandizo tsiku la opaleshoni lisanafike. Mugonetseni mu neti usiku uliwonse ndipo mupatseni mankhwala owonjezera magazi monga mwauzidwira.

M'zipatala zomwe zimachita opaleshoniyi kawirikawiri, imfa sizifika mwana mmodzi pa ana 100. Chiopsezo chimakwera mwa ana a misoko yambiri ndi omwe ali ndi vuto la kupuma.

Pali zina zomwe zimaopsa makolo koma n'zoyembekezereka. Pambuyo pa opaleshoni yotsegula mutu, nkhope imatupa, makamaka pa tsiku lachiwiri ndi lachitatu, mpaka maso kutsekeka. Kutupaku kumaphwa m'masiku owerengeka. Mwana amalira chifukwa sakuona, choncho mawu anu ndi kumunyamula zimamutonthoza. Musaweruze maonekedwe a mutu pa nthawi imeneyi.

Muyeso wachiwiri: maonekedwe ndi kakulidwe ka mutu

Maonekedwe enieni amayamba kudziwika kutupa kukatheratu, pakatha milungu kapena miyezi ingapo, ndipo amapitiriza kusintha mwana akamakula. Madokotala amagwiritsa ntchito miyeso iyi:

Kuzungulira kwa mutu. Tepi imadutsa pamwamba pa nsidze ndi pamalo otukuka kwambiri kunkhongo, ndipo nambala imalembedwa pa tchati cha kakulidwe. Chofunika si nambala ya tsiku limodzi koma mzere womwe nambalazo zikupanga. Mutu womwe ukutsatira mzere wake ukukula bwino. Mutu womwe wasiya kukula, kapena womwe ukutsikira ku mizere ya m'munsi pa maulendo angapo otsatizana, uyenera kuunikidwa chifukwa chigaza chingakhale chikuthinanso.

Kuyerekeza m'lifupi ndi m'litali. Pa mutu wonga bwato, dokotala amayeza mutu kuchokera mbali ina kufika mbali ina, nagawa nambalayo ndi ya kuchokera pachipumi kufika kunkhongo, kenako nachulukitsa ndi 100. Muyeso uwu umatchedwa cephalic index. Mwachitsanzo, mutu wa masentimita 11 m'lifupi ndi 16 m'litali umapereka 69, kusonyeza mutu wopyapyala. Ukadzakhala 13 ndi 17 nambala imakhala 76, yomwe ili m'gulu la mitu ya ana ambiri. Nambalayi imakwera kwambiri m'miyezi yoyambirira ndipo ikhoza kutsikako pang'ono m'zaka zotsatira. Kutsika kochepa sikutanthauza kuti opaleshoni yalephereka. Kumbukiraninso kuti mabanja amasiyana maonekedwe a mitu, choncho mwana amayerekezedwa ndi mmene iye analili kale, osati ndi mwana wa mnzanu.

Zithunzi. Zithunzi zojambulidwa kutsogolo, m'mbali zonse ziwiri, kumbuyo ndi kuchokera pamwamba pa mutu zimasonyeza zomwe tepi siingayeze, monga kufanana kwa mbali ziwiri za chipumi. Zipatala zina zili ndi makamera ojambula mutu wonse mozungulira. Sikani ya CT imaonetsa mafupa bwino koma ili ndi cheza chomwe sichiyenera kuperekedwa kwa mwana popanda chifukwa, choncho sijambulidwa pa ulendo uliwonse. Musadandaule ngati dokotala sanaitanitse sikani mwana ali bwino.

Kugwira ndi manja. Dokotala amafufuza malo ofewa pomwe fupa silinamere. Kachikopa kokuta ubongo wa khanda kamapanga fupa latsopano, ndipo mipata yambiri imatsekeka yokha. Mphamvu imeneyi imachepa mwana akapitirira chaka chimodzi kapena ziwiri, choncho mwana wochitidwa opaleshoni ali wamkulu akhoza kutsala ndi mpata wofunika kuutseka mtsogolo. Timabampu tating'ono pansi pa khungu kawirikawiri timakhala tizipangizo tomangira mafupa, ndipo tambiri mwa ito timasungunuka tokha pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri. Ana okonzedwa chipumi nthawi zina amalowa m'mbali mwa chipumi akamakula.

Muyeso wachitatu: kupanikizika kwa ubongo

Uwu ndi muyeso wofunika kwambiri ngakhale kuti suoneka ndi maso. Chigaza chikachepa poyerekeza ndi ubongo, mphamvu ya kupanikizika m'kati mwake imakwera, ndipo ikakhalitsa ikhoza kuwononga mitsempha ya maso ndi kusokoneza kuphunzira. Dominique Renier ndi anzake a ku Paris anafalitsa kafukufuku mu 1982 yemwe anapeza kupanikizika kotere mwa ana 14 pa 100 a msoko umodzi wotsekeka, ndi mwa ana 47 pa 100 a misoko yambiri, asanachitidwe opaleshoni.

Opaleshoni imachepetsa vutoli, koma mwa ana ena limabwerera pakapita zaka, ngakhale mutu ukuoneka bwino. Ichi ndicho chifukwa chachikulu chomwe simuyenera kusiya maulendo a kuchipatala. Njira yosavuta yoliunikira ndi kuyang'ana kumbuyo kwa diso ndi kachipangizo kounikira, pofufuza kutupa kwa mtsempha wa diso. Kutupako kukapezeka ndi chenjezo lamphamvu. Komabe mwa ana aang'ono kupanikizika kungakhalepo mtsempha usanatupe, choncho dokotala amaphatikiza zomwe waona m'diso ndi tchati cha mutu ndiponso zomwe inu mwamuuza. Pakakhala kukayikira, mwana amajambulidwa sikani, ndipo zipatala zina zimaika kachingwe kakang'ono pansi pa chigaza koyeza kupanikizika kwa tsiku limodzi kapena awiri.

Muyeso wachinayi: maso, makutu, kupuma ndi mano

Ana omwe msoko wopita kukhutu unatsekeka mbali imodzi kawirikawiri amakhala ndi diso loyang'ana kumbali kapena losaona bwino, ndipo opaleshoni ya chigaza siithetsa vutoli nthawi zonse. Diso lomwe ubongo sukuligwiritsa ntchito limafooka, ndipo kulikonza kumavuta mwana akapitirira zaka 7 kapena 8. Magalasi, kuphimba diso lamphamvu kwa maola angapo pa tsiku, kapena opaleshoni ya diso zimathandiza zikayambika msanga.

Ana a matenda a Apert, Crouzon ndi Pfeiffer amakhala ndi mafupa a pakati pa nkhope omwe sakula mokwanira. Zotsatira zake ndi maso otuluka, mano osakumana bwino, ndi kubanika m'tulo. Mkonono waukulu ndi kuleka kupuma kwa kanthawi usiku si zinthu zozolowera: zimachepetsa mpweya m'magazi ndipo zimawonjezera kupanikizika kwa ubongo. Anawa amayezedwanso makutu chifukwa madzi amakonda kudzadza kuseri kwa nembanemba ya khutu, ndipo mwa ana a matenda a Muenke kusamva bwino n'kofala. Ambiri a iwo amachitidwa maopaleshoni angapo pa zaka zosiyanasiyana, kuphatikizapo yosuntha mafupa a nkhope. Maopaleshoni otere amakhala okonzedweratu ndipo satanthauza kuti yoyamba inalephereka.

Muyeso wachisanu: kakulidwe, kulankhula ndi sukulu

Makolo ambiri amafunsa ngati mwana adzakhala ndi nzeru ngati anzake. Ana ambiri a msoko umodzi wotsekeka amakula bwino ndipo amaphunzira m'sukulu wamba. Komabe kafukufuku woyerekeza magulu a ana wapeza kuti, powatenga onse pamodzi, amatsalirako pang'ono pa zinthu monga kulankhula, kuwerenga ndi masamu, ndipo ena amafuna thandizo lapadera m'kalasi. Izi zimachitika ngakhale opaleshoni itayenda bwino, chifukwa mwa ana ena chomwe chinatseka msoko chinakhudzanso kakulidwe ka ubongo. Opaleshoni imateteza ubongo ku kupanikizika, koma si mankhwala a vuto lililonse la kuphunzira.

Kakulidwe kamayezedwa poona zomwe mwana amatha kuchita pa msinkhu wake: kukhala, kukwawa, kuyenda, kutola tinthu ndi zala, kumva ndi kutchula mawu, ndi kusewera ndi anzake. Maiko ambiri amagwiritsa ntchito mayeso a Bayley. Ku Malawi kunapangidwa mayeso otchedwa Malawi Developmental Assessment Tool, omwe anafalitsidwa mu 2010, ndipo amagwiritsa ntchito zinthu ndi zochita zomwe ana a kumudzi amazidziwa. Mwana akapezeka kuti akutsalira, akatswiri a mafizo, a kalankhulidwe ndi aphunzitsi angamuthandize, ndipo phindu limakula thandizo likayamba msanga. Mwana akayamba sukulu, fotokozerani aphunzitsi ake mbiri yake kuti azikuuzani akaona kuti sakuona pa bolodi, sakumva, kapena akudandaula mutu.

Muyeso wachisanu ndi chimodzi: kufunika kwa opaleshoni ina

Mu 1987, Linton Whitaker ndi anzake a ku Philadelphia anakhazikitsa njira yogawa zotsatira m'magulu anayi, yomwe madokotala akuigwiritsabe ntchito:

1. Palibe chofunika kukonzanso.
2. Pakufunika kukonza pang'ono, monga chipsera kapena kusalaza fupa.
3. Pakufunika kudulanso mafupa kapena kuika fupa lina, koma opaleshoni yake ndi yocheperapo kusiyana ndi yoyamba.
4. Pakufunika opaleshoni yaikulu ngati yoyamba kapena yoposa.

Ana ambiri a msoko umodzi amakhala m'gulu loyamba kapena lachiwiri. Njirayi ili ndi malire ake. Imadalira maganizo a dokotala, ndipo madokotala awiri akhoza kuika mwana mmodzi m'magulu osiyana. Gulu la mwana lingasinthenso akamakula, choncho zotsatira za chaka chimodzi sizinena zonse za zaka khumi.

Muyeso wachisanu ndi chiwiri: mmene mwana ndi banja akumvera

Tepi ndi sikani sizinganene ngati mwana akusekedwa kusukulu, ngati amabisa chipsera, kapena ngati banja lalowa m'ngongole chifukwa cha maulendo. Kwa zaka zambiri zotsatira zinkaweruzidwa ndi madokotala okha, koma tsopano pali mafunso okonzedwa bwino, monga a FACE-Q, omwe mwana wamkulu amayankha yekha za maonekedwe ake ndi moyo wake pakati pa anzake. Ngakhale chipatala chanu chisakhale ndi mafunso otere, muli ndi ufulu wonena zomwe zikukuvutani. Ngati mwana akunyozedwa, kambiranani ndi aphunzitsi ndipo muphunzitseni yankho lalifupi loona, monga lakuti anabadwa ndi mafupa a m'mutu olumikizana ndipo madokotala anawakonza.

Kumvetsa ziwerengero zomwe mungamve

Mukawerenga pa intaneti kapena mukamva kuti njira yakuti imapambana ina, dzifunseni mafunso atatu. Kodi ana omwe anayerekezedwa anali a msoko wofanana ndi wa mwana wanu? Kodi anali a msinkhu umodzi? Ana a opaleshoni ya mabala ang'onoang'ono amakhala aang'ono kuposa a opaleshoni yotsegula mutu, choncho kusiyana kwina kumachokera ku msinkhu. Nanga anatsatiridwa kwa zaka zingati? Kafukufuku wambiri wa vutoli wachitika ku Europe ndi ku North America, komwe ana amafika kuchipatala ali ndi miyezi yochepa. Mwana wofika ali ndi zaka ziwiri kapena zitatu angathandizidwebe, koma opaleshoni yake imakhala yosiyana ndipo zoyembekezera zake ziyenera kukambidwa payekha.

Zomwe mungachite inu

- Sungani buku la kuchipatala la mwana, kalata yotulukira ndi zithunzi za sikani pamalo amodzi ouma. Onetsetsani kuti mwalembedwa msoko womwe unatsekeka, mtundu wa opaleshoni, tsiku lake, ndi ngati muli tizitsulo m'mutu.
- Pa ulendo uliwonse wa kusikelo pemphani kuti mutu uyezedwe ndipo nambala ilembedwe ndi tsiku lake.
- Jambulani mutu ndi foni mbali zisanu zija miyezi itatu iliyonse m'chaka choyamba, kenako kamodzi pa chaka, pamalo owala ndi tsitsi lonyowa kapena lometa.
- Sambitsani bala ndi madzi oyera ndi sopo monga namwino wakuphunzitsirani. Musapakepo mankhwala azitsamba, phulusa kapena mafuta omwe simunauzidwe, ndipo tetezani chipsera ku dzuwa ndi chipewa.
- Ngati mwana ali ndi chisoti, chivuleni pa nthawi yomusambitsa, chipukuteni ndipo yang'anani khungu. Malo ofiira omwe sakutha chisoti chitavulidwa kwa kanthawi amasonyeza kuti chikufunika kukonzedwa.
- Pitirizani kuyamwitsa ndi kulandiritsa katemera. Funsani dokotala nthawi yomwe mungayambirenso kumubereka kumbuyo ndi yomwe angayambe masewera ogundana.
- Pitani ku maulendo onse omwe mwapatsidwa. Mwana wa msoko umodzi amatsatiridwa mpaka atayamba sukulu kapena kupitirira, ndipo wa matenda a chibadwa amatsatiridwa mpaka nkhope itasiya kukula.

Thamangirani kuchipatala mukaona izi

M'milungu yoyambirira: kutentha thupi, bala lofiira, lotupa, lonunkha kapena lotuluka mafinya, madzi oyera otuluka pabala kapena m'mphuno, kutupa komwe kukukula m'malo mophwa, kuuma khosi, kukomoka, kusanza mobwerezabwereza, kukana kuyamwa, kuyera kwa zikhatho ndi m'maso, kapena mwana wovuta kumudzutsa. Mwana akatentha thupi ayezedwe malungo, koma uzani achipatala za opaleshoniyo kuti aunikenso bala ndi mutu.

Pa msinkhu uliwonse: mutu wopweteka makamaka m'mawa kapena womudzutsa usiku, kusanza m'mawa, kuona zinthu ziwiriziwiri kapena kuyamba kusaona bwino, diso loyamba kuyang'ana kumbali, kusintha khalidwe, kuiwala zomwe ankatha kale, kutsika kwadzidzidzi kusukulu, kapena kuleka kupuma m'tulo.

Mafunso oti mufunse dokotala

- Kodi ndi msoko uti womwe unatsekeka, ndipo pali chizindikiro cha matenda a chibadwa?
- Kodi cholinga chachikulu cha opaleshoni mwa mwana wangayu n'chiyani?
- Kodi chipatala chino chimachita maopaleshoni otere angati pa chaka, ndipo ndi ana angati omwe amafunika kubwerezedwa?
- Kodi magazi ndi bedi la m'chipinda cha odwala mwakayakaya zakonzedwa?
- Kodi maso adzayezedwa liti, kuti, ndipo kangati?
- Kodi ndi miyeso iti yomwe ingachitikire ku chipatala cha kufupi ndi kwathu?
- Kodi ana omwe tingadzabereke mtsogolo ali pa chiopsezo? Pa msoko umodzi wopanda vuto lina chiopsezo chimakhala chochepa, koma kholo lomwe lili ndi matenda monga a Crouzon lingapatsire mwana aliyense pa mwayi wa theka.

Kopita

Yambani ku chipatala cha kufupi ndi kwanu kapena kusikelo, komwe angakutumizeni ku chipatala cha boma ndipo kenako ku chipatala chachikulu chokhala ndi madokotala a ubongo ndi mitsempha, monga Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre kapena University Teaching Hospital ku Lusaka. Ku South Africa, chimodzi mwa zipatala zomwe zimathandiza ana a vutoli ndi Red Cross War Memorial Children's Hospital ku Cape Town. Ku Britain ana amatumizidwa ku zipatala zapadera monga Great Ormond Street ku London, Alder Hey ku Liverpool, ndi za ku Birmingham ndi Oxford. Ngati opaleshoni inachitikira kutali kapena kunja kwa dziko, musachoke musanatenge kalata yofotokoza zomwe zinachitika ndi ndondomeko ya maulendo otsatira, ndipo mukafika kwanu kaionetseni kwa dokotala wa ana yemwe adzapitirize kuyeza mutu, maso ndi kakulidwe ka mwana wanu.